Malaibulale a Carnegie ndi thukuta la ku Homestead

Pamene Andrew Carnegie ankamwalira mu 1919 n'kuti atagawa kale madola pafupifupi 350 miliyoni. Chuma chake chinamanga malaibulale oposa 2,500 ku America, ku Britain ndi m'maiko ena. Mbiri yake imakoma kuisimba chifukwa imayambira pa umphawi wadzaoneni. Anabadwira ku Dunfermline, ku Scotland, mu 1835, bambo ake ali mmisiri woomba nsalu pamanja amene makina anawalanda ntchito. Banja linasamukira ku Allegheny, pafupi ndi Pittsburgh, mu 1848, ndipo mnyamatayo analowa ntchito m'fakitale ya thonje pa malipiro a $1.20 pa sabata. Anakhalapo mesenjala wa matelegalamu, n'kupita ku kampani ya njanji, mpaka kudzakhala mwini mafakitale a zitsulo. Mu 1901 anagulitsa kampani yake kwa J. P. Morgan pa madola 480 miliyoni.

Zokonda mabuku sizinali zachiphamaso. Ali mnyamata, mkulu wina wa ku Allegheny, James Anderson, ankalola anyamata apantchito kubwereka buku limodzi Loweruka lililonse pa mabuku ake pafupifupi 400, ndipo Carnegie sanaiwale. Kaperekedwe kakenso ndimakagomera. Sankangomanga nyumba n'kuchoka ayi. Tauni yofuna laibulale inkayenera kupeza malo, ndiponso kulonjeza kuti chaka ndi chaka izitulutsa ndalama zokwana gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa nyumbayo zoyendetsera ntchito. Amene anaonapo chipatala cha mphatso chitasanduka chogona mileme chifukwa palibe analingalira za malipiro a namwino, amvetsa kuti munthuyu anali ndi mutu.

Koma ndalamazo zinachokera kuti?

Ku Homestead, m'mphepete mwa mtsinje wa Monongahela, kunali fakitale yake yaikulu. Mu 1892 mgwirizano wa kampani ndi bungwe la ogwira ntchito unatha, kampani n'kufuna kudula malipiro. Carnegie anapita kukapuma ku Scotland, zonse n'kusiyira mkulu woyendetsa kampaniyo, Henry Clay Frick. Frick anazinga fakitale ndi mpanda wamatabwa wokhala ndi waya waminga pamwamba, natsekera antchito kunja. Pa 6 July alonda pafupifupi 300 a kampani ya Pinkerton anafika m'mabwato awiri, mfuti zinalira tsiku lonse, ndipo anthu anafa mbali zonse ziwiri. Patangopita masiku ochepa boma la Pennsylvania linatumiza asilikali zikwizikwi. Pofika November sitalaka inali itatheratu, bungwe litathyoka msana, anthu akubwerera ku ng'anjo pa malipiro otsika.

Mu 1898 Carnegie anapatsa anthu a ku Homestead laibulale yokongola, yokhala ndi holo ya nyimbo komanso dziwe losambira. Taganizani za bambo amene waima maola 12 pamoto wosungunula chitsulo, malaya ali nyowenyowe, ndipo Lamlungu la kusinthana mashifiti amagwira usana ndi usiku osapuma. Buku alitsegula nthawi yanji? Si zodabwitsa kuti m'matauni ena antchito anakakamiza akuluakulu awo kukana mphatsoyo.

Pali amene amati Carnegie ankangotsuka dzina. Ine sindikuona choncho, ndipo chimene ndikuona n'choopsa kuposa pamenepo. Laibulale yake yoyamba, ya ku Dunfermline, inatsegulidwa mu 1883, za ku Homestead zisanachitike. Mu 1889 anali atalemba kale nkhani yotchuka yonena kuti munthu wachuma ndi msungi chabe wa chuma cha anthu, ndipo ayenera kuchigawa akadali moyo. Koma m'nkhani yomweyo munali ganizo lakuti ndalama zikagawidwa pang'onopang'ono kwa anthu wamba zimangothera ku zam'kamwa, choncho ndi bwino zisonkhane m'manja mwa munthu mmodzi wanzeru amene adzawasankhire chowayenera. Ndiye kuti kufinya malipiro ndi kumanga laibulale, kwa iye, inali ntchito imodzi. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akudziwa bwino zosowa za banja la wantchito kuposa mayi wa m'nyumbamo.

Apa ndi pamene ndimasiyana naye. Amati kupatsa n'kuika, koma munthu amaika chake. Dola imene inadulidwa pa malipiro mu 1892 ikanagula nsapato za mwana, kapenanso mowa, inde, koma kusankhako kunali kwa mwini thukuta. Munthu wodzikweza yekha kuchoka m'fumbi amagwa msanga m'mbuna imeneyi. Poti iye anapirira $1.20 n'kutulukamo, amayesa kuti aliyense wotsalira m'mbuyo watsala chifukwa cha ulesi, kuiwala kuti m'fakitale ya anthu zikwi zingapo mpando wa mwini ndi umodzi.

Wina anganene kuti nsapatozo zikanatha kalekale pomwe malaibulale alipobe, ndipo ana a antchito omwewo anawerengamo. N'zoona, sindingatsutse. Koma amene analipira sanafunsidwe, ndipo pakhomo panalembedwa dzina la munthu mmodzi. Shifiti ya maola 12 m'mafakitale amene Carnegie anagulitsa inadzayamba kuthetsedwa mu 1923, iye atagona m'manda zaka zinayi.