Kodi Wojambula Kanema Ali ndi Ngongole kwa Mlembi?

Munthu wotumidwa amaloledwa kusintha mawu, koma saloledwa kusintha uthenga. Nkhani ikachoka m'buku kupita pa kanema imakhala m'manja mwa mthenga wotere. Nanga kukhulupirika kwake kuyesedwe ndi muyeso uti?

M'chaka cha 1818 ku England kudatuluka buku la Mary Shelley lotchedwa Frankenstein. Bukuli limasimba za Victor Frankenstein, mnyamata wozama pa sayansi, amene adapanga cholengedwa chonga munthu nachipatsa moyo. Ataona kunyansa kwa nkhope yake, adachithawa usiku womwewo. Cholengedwacho chidaphunzira chokha kuyankhula ndi kuwerenga, ndipo chinkatolera nkhuni banja lina losauka mobisa. Chidayamba kupha chitakanidwa ndi aliyense amene chidamuyandikira. Motero mlandu waukulu m'bukuli ukugwera kholo lobala n'kutaya.

Mu 1931 James Whale adajambula nkhaniyi ku America, ndipo Boris Karloff ndiye adasewera ngati cholengedwa chija. Dzina la Victor lidasanduka Henry, ndipo ulendo wa kumpoto kozizira udachotsedwa. Izi sizodandaulitsa, pakuti buku lowerengedwa masiku angapo silingakwane lonse m'kanema wosafika maola awiri. Koma kusintha kuwiri kudalasa mtima wa nkhani. Cholengedwacho adachilanda mawu, kotero kuti chimangobuula osatha kudandaula mlandu wake. Kuwonjezera apo, m'mutu mwake adaikamo ubongo wa chigawenga umene wantchito wa Frankenstein adaba. Tsono woonera angathe kunena kuti nkhanzazo n'zachibadwa, ndipo wochipanga uja adangochita tsoka. Apa m'pamene akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Ena amati wojambula kanema ndi mmisiri payekha, ndipo ali ndi ufulu woumba nkhani monga afunira. Mfundoyi ili ndi nzeru, chifukwa Karloff, ngakhale adalibe mawu, adachititsa owonera ambiri chisoni. Komabe wobwereka dzina la buku wabwerekanso mbiri ya mwini wake. Anthu ochuluka sadzaliwerenga bukulo. Adzangokhulupirira kuti zimene aona ndizo adanena mlembi. Shelley adamwalira mu 1851, ndipo wakufa sadziyankhira.

Chodabwitsa n'chakuti kanema wotsatira, Bride of Frankenstein wa mu 1935, adayandikira bukulo koposa woyamba, chonsecho Whale adaikamo zambiri zongopeka yekha. M'menemo cholengedwa chikuphunzira kuyankhula kwa nkhalamba yosaona imene idachilandira ngati bwenzi, ndipo chikufuna mnzake wokhala naye, monga chidapempha m'buku. Kusungulumwa kwake kukuonekanso poyera.

Choncho kukhulupirika sikuyesedwa powerenga zochitika zimene zasungidwa kapena kutayidwa. Wojambula asinthe maina ndi malo ngati luso lake litero, koma funso limene lidavutitsa mlembi alifikitse kwa woonera lili lathunthu. Funso la Shelley lidali lakuti: wopatsa moyo akathawa udindo wake, zoipa zotsatirapo zimakhala pamutu pa yani?