Kodi Kumwa Morphine N'kuthawa Mtanda?

Pali akhristu ena odwala khansa amene amabuula usiku wonse, botolo la mankhwala lili pomwepo pa tebulo losatsegulidwa. Akafunsidwa amati Ambuye Yesu pa Gologota anakana vinyo wosakaniza ndi mure (Marko 15:23), ndiye iwonso apirire mpaka mapeto. Ena amaopa kuti morphine amapatsidwa kwa munthu amene madokotala amutaya kale.

Chikhulupiriro chawo n'cholemekezeka, koma Eklezia saphunzitsa choncho. Yesu anakana vinyo uja chifukwa anasankha yekha kupereka nsembe yopulumutsa dziko ali ndi nzeru zake zonse, ndipo nsembeyo inakwanira. Yesu yemweyo sanabwezepo wodwala aliyense kuti akapirire kaye, ndipo mtanda utamulemera, Simoni wa ku Kirene anamusenzera.

Mu 1957 madokotala anafunsa Papa Pius XII za nkhaniyi. Iye anayankha kuti mankhwala ochotsa ululu ndi ololedwa ngakhale kwa munthu amene ali pafupi kumwalira, bola cholinga chikhale kuchepetsa ululu, osati kufulumiza imfa. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2279, amaika chisamaliro chotere pakati pa ntchito zapadera za chikondi.

Kamwedwe kake n'kofunika kuti osamalira odwala akadziwe. Ululu ukakhala wochepa, achipatala amayamba ndi mankhwala ngati panado. Ukakula amafika pa morphine wamadzi, amene nthawi zambiri amamwedwa maola anayi aliwonse. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amaphonya: amadikira kuti wodwala ayambe kulira ndiye amupatse. Ululu wa khansa sutha monga mutu wamba, choncho mankhwala amatsata wotchi, osati kubuula. Masiku oyamba munthu amatha kuwodzera kapena kuchita nseru, koma zimenezi kawirikawiri zimachepa. Kudzimbidwa kokha ndiye sikuchoka, n'chifukwa chake pamafunika mankhwala ofewetsa m'mimba. Muyezo awonjezere ndi achipatala, osati achibale kapena mnansi wodziwa zonse. Ku Blantyre chithandizochi chimapezeka ku Tiyanjane, pa chipatala cha Queen Elizabeth. Ku Salima kuli Ndi Moyo.

Komabe pali ululu wina umene botolo silingafikire: nkhawa ya fizi ya ana, lendi, m'bale amene sanakhululukirane naye, funso loti Mulungu ali kuti. Munthu amene thupi lake lapumako ndi amene amatha kulapa, kulandira Ukaristia, kukonza za ana ake ndi kunena korona mpaka kumaliza.

Choncho a mphakati asadikire maliro kuti adzaoneke. Apite pano, asinthane kugonera wodwala kuti womusamalira apumeko, athandize thiransipoti yokatengera mankhwala asanathe. Ndipo bambo mfumu aitanidwe kudzapereka Sakramenti la Kudzoza Odwala wodwalayo akadatha kuyankha Amen ndi pakamwa pake.