Kodi Kukhala Chete Pamaso pa Mulungu Nkutaya Nthawi?

Anthu a ku Neno sadya za ulesi. Kumapiri, m'dera la Mfumu Dambe, mlimi amalawirira kukasamala tirigu ndi mbatata yakachewere. Ena amasenza madengu a manachesi kutsikira nawo kumsewu, ndipo kuchigwa cha Lisungwi ndi ku Zalewa dzuwa limaswa mtengo msanga, kotero kuti wofuna kulima ayenera kugwira khasu kusanayere. Munthu wotere tikamuuza kuti tsiku lililonse azipatula mphindi khumi zokhala chete pamaso pa Mulungu, adzatifunsa kuti: "Kodi kukhala chete kunadzazapo nkhokwe ya yani?" Funso limeneli tisalinyoze, pakuti likuchokera kwa munthu wodziwa kuwawa kwa njala. Nkoyenera kuti tiliyankhe mofatsa.

Poyamba tidziwe chimene tikunena. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka m'chaka cha 1992, amatchula njira zitatu za kupemphera: pemphero la pakamwa, kusinkhasinkha, ndi kuyang'anitsitsa Mulungu ndi mtima wachikondi popanda mau. Kusinkhasinkha ndiko kutenga mau ochepa a Mulungu, kuwatembenuza mumtima, ndi kuwalola kuti aunike moyo wathu wa tsiku limenelo. Amonke akale ankafanizira ntchitoyi ndi ng'ombe imene imadya msipu mofulumira, koma madzulo imagona pansi nkumabzikula. Ambiri a ife timamva Mthenga Wabwino pa Misa ya Lamulungu, koma pofika Lolemba tauiwala, chifukwa tinaumeza osaubzikula.

Ambuye Yesu anali ndi ntchito yambiri kuposa aliyense wa ife. Odwala ankadzaza pakhomo, makamu ankawatsatira, komabe Marko Woyera akutiuza kuti ankadzuka kukali mdima kupita kumalo kwa okha kukapemphera (Marko 1:35). Amayi Maria, mkazi wapakhomo amene ankatunga madzi ndi kuphika, ankasunga zonse zowachitikira nkumazilingalira mumtima (Luka 2:19). M'chaka cha 1609 Fransisko Woyera wa ku Sales analemba buku lophunzitsa kuti pemphero lotere ndi la anthu apabanja ndi antchito omwe, osati la ansembe ndi asisitere okha.

Ife a ku Neno nkhaniyi si yachilendo. Ansembe a chipani cha Montfort, amene anafika ku Nzama m'chaka cha 1901 natsegula mishoni ya Neno m'chaka cha 1906, anaphunzitsa makolo athu Kolona, pemphero limene woyambitsa chipani chawo, Louis-Marie de Montfort, ankalikonda koposa. Kolona ndi sukulu ya kusinkhasinkha: pakamwa pamanena Tikuoneni Maria, mtima nkumayang'ana Yesu akubadwa, akusenza mtanda, akuuka kwa akufa. Nchifukwa chake Papa Paulo wa Chisanu ndi Chimodzi, m'kalata yake ya 1974 yonena za kulemekeza Amayi Maria, anachenjeza kuti Kolona yopanda kulingalira imatsala ngati thupi limene mzimu wachokamo.

Tsono phindu lake nchiyani pa moyo wa tsiku ndi tsiku? Loyamba ndi kugwira mtima. Madzi a mu Lisungwi nthawi ya dzinja amakhala a matope okhaokha, koma mayi akawatunga nkuwasiya mumtsuko osawagwedeza, matope amatsikira pansi, madzi nkuyera. Mtima wa munthu ulinso chomwecho. Mabanja ambiri amapasuka chifukwa cha mau amene analankhulidwa mtima uli wovunduka, ndipo madzi akatayika saoleka. Bambo amene anazolowera kukhala chete pamaso pa Mulungu m'mawa amapeza kamphindi kodzifunsa asanakweze dzanja madzulo.

Boma lathu likudziwa mtengo wa mtima wosaima. M'mwezi wa Januwale 2016, m'dera la Mfumu Dambe, mphenzi itapha mtsikana, anthu anayi okalamba anaphedwa powaganizira kuti ndi mfiti. Chisoni cha maliro chinali chenicheni, koma chinasanduka mkwiyo nthawi yomweyo, ndipo mkwiyo wa gulu umayaka ngati moto wolusa m'tchire la mwezi wa Okutobala. Pa tsiku lotere mudzi umasowa anthu amene angathe kuima ndi kunena kuti: "Abale, tiyambe taganiza." Munthu sangaphunzire kuima koteroko pa tsiku la chipwirikiti. Amakuphunzira pang'onopang'ono, m'masiku a mtendere, m'mphindi zimene anzake amaziyesa zotayika.

Phindu lachiwiri ndi kudzidziwa. Phokoso limatibisa kwa ife eni. Wailesi, lamya ya m'manja, nkhani za pachigayo ndi za pamowa zimatithandiza kuthawa mafunso amene sitifuna kuwamva: ngongole ya katapila imene mkazi wathu sakuidziwa, m'bale amene tinakangana naye za malire a munda, mwana amene tinasiya kucheza naye. Tikakhala chete, zinthu zimenezi zimatulukira, ndipo ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene ambiri amaopera kukhala chete. Koma chilonda chobisika sichipola. Amene wachiona pamaso pa Mulungu wachifundo amapeza mphamvu yopita kukalapa ndi kukapepesa.

Phindu lachitatu ndi kupirira. Namondwe wa Freddy atasakaza Chigawo cha Kummwera m'mwezi wa Malichi 2023, mabanja ambiri anataya abale, nyumba ndi minda. Kusinkhasinkha sikubweza zotayika. Komabe munthu amene wakhala kawirikawiri pansi pa mtanda pamodzi ndi Amayi Maria sayesa kuti Mulungu wamtaya, ndipo m'mawa mwake amatha kudzuka kukaumbanso njerwa.

Apa tichenjezane zinthu ziwiri. Kusinkhasinkha sikulowa m'malo mwa khasu, ndiponso sikulowa m'malo mwa chipatala. Wodwala kuthamanga kwa magazi kapena wovutika maganizo apite kuchipatala cha boma cha Neno kapena cha Lisungwi, ndipo apemphere akumwa mankhwala ake. Chachiwiri, pemphero limadziwika ndi zipatso zake. Ngati tituluka m'pemphero tili odzikuza ndi onyoza anzathu osapemphera, ndiye kuti tinali kucheza ndi ife tokha.

Nanga tingayambe bwanji? Tisankhe nthawi imodzi yosasinthasintha, makamaka m'mawa ana asanadzuke, ndi malo amodzi: pakhonde, kuchipinda, kapena pansi pa mtengo kumunda. Lamya tiisiye kutali. Tichite chizindikiro cha mtanda, tikhale mowongoka, tipume mofatsa, nkukumbukira kuti Mulungu ali pomwepo. Kenaka titsate makwerero anayi amene mmonke wina wotchedwa Guigo analongosola m'zaka za m'ma 1100. Tiwerenge ndime ziwiri kapena zitatu za Mthenga Wabwino wa Lamulungu lapitalo, pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu. Tilingalire liwu limene latigwira mtima, ndi kudzifunsa kuti likunena chiyani pa banja lathu lero. Timuyankhe Mulungu ndi mau athuathu. Potsiriza tingokhala chete pamaso pake, monga mwana amakhalira pamiyendo ya mayi wake. Wosadziwa kuwerenga asadandaule: atenge misteri imodzi ya Kolona, aione m'maganizo mwake ngati kuti iye anali pomwepo.

Maganizo adzathawira kumunda, kumsika ndi kungongole. Zimenezi zimachitikira aliyense, ngakhale oyera mtima. Tiwabweze mofatsa, monga mbusa amabwezera mbuzi yolowera m'munda wa eni, ndipo tipitirize. Tisanadzuke, tisankhe chinthu chimodzi chaching'ono chochita tsiku limenelo: kupereka moni kwa amene tinayambana naye, kapena kukatungira madzi gogo wokhala yekha. Madzulo banja lonse lingatsate njira ya Ignasio Woyera wa ku Loyola: kuthokoza Mulungu pa zabwino za tsikulo, kuona pamene sitinachite bwino, kupempha chikhululukiro ndi kupereka tsiku la mawa m'manja mwake. M'miphakati mwathunso, tikawerenga Mau a Mulungu tisathamangire kukambirana za zopereka. Tiyambe takhala chete mphindi zitatu.

Mlimi uja anafunsa ngati kukhala chete kungadzaze nkhokwe. Sikungaidzaze. Koma nkhokwe yodzaza siithandiza nyumba imene anthu ake akuopana, ndipo dzanja limene limagwira khasu ndi lomwelo limene limatha kutola mwala. Makolo athu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tiyeni tsono tiyese kwa mwezi umodzi, mphindi khumi tsiku lililonse, ndipo mwezi ukatha tifunse a m'nyumba mwathu ngati aona kusintha.