Kodi ku Joni n'kufupi kuposa ku Chitipa?

Ndege ikanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, pasanathe maola 3 imakhala itatera pa OR Tambo ku Johannesburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500. Koma wochoka ku Lilongwe komweko kupita kwawo ku Chitipa, makilomita osakwana n'komwe 700, amakwera basi m'mamawa n'kukafika kutada: Mzuzu, kutsetsereka Chiweta, Karonga, kenaka kukwera mapiri. Nanga kutali ndiye kuti? Ambiri anganene kuti ndege yasendeza Joni pakhomo. Ine ndikukana, chifukwa maola a m'ndege sayeza kufupi kwa malo. Amangoonetsa amene njirayo anamulambulira.

Mbiri ya Chitipa yemweyo ndiyo mboni. Kale, pamalopo pakutchedwa Fort Hill, a Wenela ankanyamulira pabwalo la ndege la kumeneko amuna opita kukakumba golide ku South Africa. Mnyamata woti sanapondepo msewu wa phula ankapezeka ali m'mitambo. Ku Joni kunali kufupi ndithu, koma kwa yani? Kwa mwini mgodi wosowa manja. Kwa mayi wotsala ku Misuku, mwana kumsana, khasu m'manja, mwamunayo anali kutali kosaneneka mpaka kontalakiti ithe. N'zosadabwitsa kuti mu February 1959, anthu atadzukira ulamuliro wa atsamunda, bwalo limeneli ndi limodzi mwa malo amene analanda: ankadziwa kuti wogwira khomo ndiye amagawa kufupi ndi kutali. Mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda analetsa maulendowo. Palibe kilomita inawonjezeka pamapu, komabe ku Joni kunatalikira tsiku lomwelo.

Wina anganditsutse kuti manambala sanama ndipo sakondera. Zoona, woyendetsa ndege sangayeze mafuta ndi chisoni cha otsala. Anganenenso kuti msewu wa Karonga–Chitipa, wa makilomita pafupifupi 100, atauthira phula mothandizidwa ndi dziko la China unafupikitsira ulendo aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe. Apa sindingalimbe mutu, ndipo mfundoyi ikundithandiza: phulalo linayandikitsadi anthu chifukwa wa njinga, wa minibasi ndi wodwala wa mu ambulansi onse amadutsapo. Vuto la maola olembedwa patikiti ndi loti amayamba kuwerengedwa matayala akachoka pansi. Sawerenga miyezi yodikira pasipoti, mbuzi zogulitsidwa kuti tikitiyo ipezeke, kapena matope a msewu wa ku Nthalire mvula ikagwa. Nambala yoona imatha kubisa ulendo wonse, ndipo zimandipweteka kuona tikunyadira chiwerengero chimene wotsalira panjira sapezekamo.

Muyezo wachilungamo ndi maliro. Uthenga umafika pafoni m'kuphethira kwa diso, ndipo poti chibale ndi fupa, mwana wa ku Johannesburg amanyamuka. Ngati ndalama zilipo, masana amakhala atafika ku Lumbadzi. Pamenepo m'pamene ulendo umayamba. Kumudzi adzukulu amaliza kukumba, mafumu akhala pansi pa mtengo akufunsana ngati n'kotheka kudikira tsiku lina, iye ali pa depoti ku Mzuzu, chikwama pamiyendo, kudikira minibasi ya ku Karonga kuti idzaze.