Kodi Tiimbe pa Tsiku la Mitengo Tiri ndi Cisoni?

Abale, m'dziko la Malawi nyengo yakubzala mitengo iyamba pa 15 December, nitha pa 15 April. M'midzi yambiri aitsegula ndi cikondwerero: ng'oma zilira, ana a sukulu aimba, ndi mbande za mbawa ndi nsangu zigawidwa. Koma tsiku lotere likafika titangotaya mnzathu amene tinalera naye mbandezo, ticitenji?

Ena ati, Lekani zonse, pakuti maliro nkulirana. Mau awa ngoona. Mtembo ukali m'mudzi khasu ligone, ndi ng'oma ya masewera ikhale cete.

Koma titaika maliro, mvula silindira kuti misozi iume. Mbande yocedwa kulowa m'nthaka isowa mizu yakupirira dzuwa la October, ndipo thukuta la mnzathuyo lipita pacabe.

Tilingalirenso ici. Pa maliro tiyala masamba pamseu kuti odutsa adziwe. Tisonkha nkhuni usiku wonse pasiwa. Bokosi lomwe nla matabwa. Zonsezi tilandira ku mitengo. Kodi sitiyenera kubweza? Ndiponso pasiwa pomwepo tiimba kufikira mbanda kuca, ndipo palibe wonena kuti tanyoza wakufayo. Comunyoza si nyimbo ai, koma kumuiwala.

Cifukwa cace tiyambe tapempha kwa abale ace ndi kwa mfumu. Akalola tisonkhane, tichule dzina lace, tiimbe modekha, ndi kubzala mtengo woyamba pomkumbukira. Tsiku lomwelo tisankhe wakuuthirira m'cilimwe, tisankhenso akukathandiza wamasiye kupalira munda wace.