Foni Ndiyo Izitifunsa Zoti Tilembe?

Mutu wa mtsutso wa ophunzira ku Chikwawa: Mafunso a pafoni amathandiza wophunzira kulemba za moyo wake tsiku ndi tsiku.

WOVOMEREZA: A Wapampando, aphunzitsi ndi anzanga nonse, ambirife timagula kope ndi changu, kulemba tsamba limodzi, lachiwiri n'kumangotafuna cholembera. Chimavuta ndi poyambira. Pulogalamu ya pafoni imakuponyera funso: lero wacheza ndi yani, chakusangalatsa n'chiyani? Ukayankha, ndiye kuti walemba. Kampani ya Apple inaika pulogalamu yotere, Journal, mu iPhone mu Disembala 2023. Paja safunsa anadya phula.

WOTSUTSA: A Wapampando, achimwenewa mwambi auveka chadodolido. Anadya phula uja ndi amene sanafunse yekha, osati amene anasowa womufunsa. Nanga iPhone yo, kuchoka pa Dyeratu kukafika pa Ngabu mwaionapo m'manja mwa ana asukulu angati? Kwathu foni ndi Itel imodzi, ya amayi, yolandirira ndalama pa Mpamba, ndipo madzulo alongo anga amamverapo mpira. Zakumtima kwanga ndizilembe mmenemo?

WOVOMEREZA: Pa Android paliponso mapulogalamu otere, ndipo mumatseka ndi nambala yachinsinsi. Kope lanulo mumatseka n'chiyani, achemwali? Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, makope angati anasanduka phala m'nyumba zogumuka? Zolemba pafoni zimakasungika pa intaneti, madzi sazipeza.

WOTSUTSA: Zimakafika pa intaneti ngati muli ndi bandulo ndi moto. Mwaiwala kale kuti namondwe wa Ana, mu Januwale 2022, anagumula damu la Kapichira m'boma lathu lomwe lino, dziko lonse n'kukhala miyezi magetsi akuzimazima? Koma zimenezo tizisiye. Nkhani yanga ili pa funso lanu lija. Mwana wagona pansi m'kalasi imene yasanduka kampu, mbuzi zapita ndi Shire, mapira ali pansi pa mchenga, foni n'kumufunsa kuti chakusangalatsa lero n'chiyani! Amene analemba funso limenelo sanadzutsidwepo pakati pa usiku madzi ali pamphasa. Mafunso a kuno ndi ena. Madzi analekeza pati pakhoma? Anayamba kukuwa ndani? Tinawoloka ndi bwato la yani, ndipo anatilipiritsa zingati? Thonje chaka chino tagulitsa bwanji? Mwana wa ku Makhuwira akalemba zimenezo, mdzukulu wake adzadziwa pomanga nyumba.

WOVOMEREZA: Funso likakunyansani mumalidumpha, pamabwera lina.

WOTSUTSA: Lina lochokera komweko.

WOVOMEREZA: Achemwali akulankhula ngati mlembi wamkulu, chonsecho notsi za Jogalafe amabwereka kwa ine! Kope la zakumtima lawolo alionetse pano tione ngati lapitirira tsamba lachitatu.

WOTSUTSA: Notsi ndimabwerekadi, zakumtima sindibwereka. Inu mwayamba ndi kubwereka mafunso, mawa mudzapempha foniyo kuti ikuyankhireninso. Ndipo popeza mwaputa nokha: chimangirizo chija cha ulendo wa ku Majete, munalemba kuti njovu zinakupatsani mtendere wamumtima. Ife tinali m'galimoto momwemo, tinakuonani mutabisala kunsi kwa mpando!

WAPAMPANDO: Bata! Bata kumbuyoko! Za njovu sizili pa mutu wathu. Wovomereza, mwatsala ndi mphindi imodzi.

WOVOMEREZA: A Wapampando, ndinkatola cholembera.