Mphoto ya Wophunzira Ili ndi Eni Ake Ambiri

Chaka ndi chaka, mayunivesite ndi mabungwe a ku United States amapereka mphoto kwa ophunzira opambana pa Latino studies. Maphunzirowa amafufuza mbiri, nyimbo ndi moyo wa anthu a m'dzikolo amene mizu yawo ili ku Mexico, Puerto Rico, Cuba ndi mayiko ena a ku Latin America. Kalembera wa 2020 anapeza kuti anthuwa ndi oposa 62 miliyoni. Imodzi mwa mphotozi ndi ya Frederick A. Cervantes, imene bungwe la National Association for Chicana and Chicano Studies limapereka kwa wophunzira wolemba kafukufuku wogwira mtima. Wolandira mphoto yotere asaiwale mfundo zisanu izi.

1. Khomo limene walowera analitsegula ndi ena. Mu Novembala 1968, ophunzira a ku San Francisco State College ananyanyala maphunziro mpaka Malichi 1969, akufuna kuti mbiri ya anthu awo iziphunzitsidwa. Ambiri anamangidwa. Mu 1993, ena ku yunivesite ya UCLA anakhala masabata awiri osadya pomenyera maphunziro omwewa. Ukamakwera pansanja, uwathokoze.

2. Za kwanu si zonyozeka. Américo Paredes anakulira ku Brownsville, m'malire a Texas ndi Mexico, akumva akuluakulu akuimba za Gregorio Cortez, mlimi amene anasakidwa ndi apolisi mu 1901. Ophunzira ambiri ankaziona ngati nyimbo wamba. Iye anazitolera, nazisanthula, ndipo mu 1958 linatuluka buku lake, With His Pistol in His Hand, limene likuwerengedwabe. Nzeru zimene ukuzifuna kutali mwina zili pakamwa pa agogo ako.

3. Wokuuza nkhani ali ndi gawo pa mphoto yako. Kuyambira 1942 mpaka 1964, amuna a ku Mexico ankatengedwa kukagwira ntchito m'minda ya ku United States pa mgwirizano wa Bracero. Wophunzira wolemba za iwo amakhala pansi ndi mkulu wokalamba, amene amatulutsa chiphaso chopauka m'kabokosi, n'kufotokoza momwe ankawavulira zovala ndi kuwapopera mankhwala pamalire. Misozi imeneyo si ya malonda. Lemba zoona zokhazokha, ndipo ukamaliza ubwerere ukamuwerengere zimene walemba.

4. Chimene chapezedwa movutikira chimafuna kulondera. Mu 2010, boma la Arizona linakhazikitsa lamulo limene linatseketsa maphunziro a mbiri ya anthu ochokera ku Mexico m'masukulu a ku Tucson. Aphunzitsi ndi ophunzira anapita kukhoti, ndipo mu 2017 woweruza A. Wallace Tashima anagamula kuti lamulolo linadza chifukwa cha tsankho. Kudikira zaka 7 n'kowawa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

5. Mphoto ndi ngongole. Satifiketi ikapachikidwa pakhoma, ntchito imakhala ikungoyamba. Pali mwana amene kwawo palibe anapondapo pa yunivesite, ndipo sadziwa n'komwe kuti fomu amalemba bwanji. Khala naye pansi, umuthandize, umuuzenso kuti mbiri ya makolo ake ndi yoyenera kulembedwa. Akadzalowa m'kalasi, ngongole yako idzakhala itayamba kubwezedwa.